Mwagula snowmobile? Yambani mwakhoma ngolo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina wokhala ku Sudbury, m'chigawo cha Ontario ku Canada. Mwachidule akuti: "Ndagula Ski-Doo yakale kwa mnzanga wa kuntchito, pamodzi ndi ngolo yake yokokera pagalimoto. Galaja ndilibe, ndimangoisiya pabwalo pafupi ndi msewu. Aneba akundiopseza kuti zimenezi zimabedwa kwambiri. Koma yanga ili ndi kiyi wa kompyuta, ndiye wakuba angailize bwanji? Pali chinanso choti ndichite?"

Kwa owerenga a kumudzi amene simunaionepo: snowmobile ili ngati njinga yamoto, koma kutsogolo ili ndi timatabwa tiwiri totsetsereka, kumbuyo lamba wamkulu wa mphira wokhala ndi mano, ndipo imayenda pa chipale chofewa. Ski-Doo ndi mtundu umodzi wa snowmobile.

Achimwene, chochita chilipo, ndipo kiyiyo asakugonekeni tulo. N'zoona kuti kampani ya BRP ya ku Valcourt, Quebec, imene imapanga Ski-Doo, inaika chitetezo chotchedwa D.E.S.S. Kachingwe kamene mumakoleka pajekete kali ndi kachipangizo kokhala ndi nambala yachinsinsi, ndipo popanda iko makinawo sayenda. Koma wakuba wochenjera sabwera kudzaliza injini usiku kuti adzutse mudzi wonse. Amabwera ndi pikapu, n'kuibweza chambuyo, n'kukola ngolo yanu, n'kumapita. Wodutsa pamsewu angoyesa kuti ndinu nomwe mwalawirira ulendo. Ngakhale mutaitsitsa pangolo, snowmobile zambiri zimalemera makilogalamu 200 mpaka 300, ndiye anyamata atatu kapena anayi amphamvu aikweza m'galimoto osatuluka n'thukuta lomwe. Ikakafika uko sifunikanso kiyi, amangoiphwasula n'kugulitsa chitsulo chimodzichimodzi.

Choncho ndalama yanu yoyamba ipite ku ngolo. Gulani loko wotseka pakamwa pa ngolo, pamene imakolera ku galimoto. Ndikunena wolemera uja wophimba pakamwa ponse, chifukwa kaloko kakang'ono kapachingwe kamaduka ndi chodulira zitsulo kamodzi n'kamodzi. Musaiwalenso matcheni awiri aja olendewera kutsogolo kwa ngolo. Anthu ambiri amakhoma pakamwa n'kusiya matcheni ali lende, wakuba n'kungowakulunga ku galimoto yake, ulendo. Akhomereni pamodzi mu loko. Kenako tayala: ikani loko wa tayala, kapena pisani tcheni chokhuthala m'mabowo a limu n'kuchizunguliza ku chitsulo cha ngolo. Ngati simuyenda kwa nthawi yaitali, chotsani tayala limodzi mulowetse m'nyumba. Ntchito yake ndi yotopetsa, koma ngolo ya tayala limodzi palibe amene amaikhumbira.

Kaimikidwe nakonso n'kofunika, ndipo n'kaulere. Kutsogolo kwa ngolo kuyang'ane khoma la nyumba, galimoto yanu muiimike motsekereza njira. Ngoloyo muiphimbe ndi tenti wamba wopanda dzina la kampani.

Tsopano snowmobile yeniyeniyo. Anthu ambiri amakoleka tcheni ku bampala chifukwa ndiye pafupi. Kumeneko n'kumanga mbuzi ku chikhomo chozulika, chifukwa bampala imagwidwa ndi mabauti ochepa, sipanala imodzi yakwana. Pisani tcheni m'mabowo a lamba wamkulu uja n'kudutsitsa m'zitsulo za pansi pake, kenako mumangirire ku chinthu chosasuntha, kaya ndi mtengo waukulu kaya ngowe yomizidwa mu simenti. Tcheni chisagone pansi, chifukwa pansi ndi pamene wodula amatsamira bwino. Pa loko kutirani kapulasitiki, apo ayi madzi akalowa n'kuuma mudzadzitsekera nokha m'mawa. Ena amachotsanso lamba wa injini n'kukagona naye m'nyumba, ndipo ine ndimagwirizana nawo, makamaka mukagona ku hotelo paulendo, kumene ngolo zimangoti mbwee pamalo oimikapo magalimoto.

Kunena zoona, galayinda ya batire imadula tcheni chilichonse. Chimene mukugula ndi nthawi ndi phokoso, kuti wakubayo aone kuti pano pavuta, apite kwina.

Za zipangizo zolondolera, AirTag, kachipangizo kakang'ono ka kampani ya Apple, ndi yotchipa koma musaidalire yokha. Imadalira mafoni a iPhone odutsa pafupi, ndipo m'nkhalango za kumpoto kwa Ontario anthu odutsa ndi owerengeka. Imachenjezanso wakubayo pafoni yake kuti pali chinthu chikumutsatira, komanso kabatire kake kamafooka kukazizira kwambiri. GPS yeniyeni yolipira pamwezi ndi yabwinopo. Ibiseni mkati mwa snowmobile, ndipo ngati thumba likulola, ina muike pangolo. Ikabedwa n'kuoneka pamapu, musapiteko nokha. Apatseni apolisi.

Mbali imene abale athu timaiderera ndi ya mapepala. Poti mwagula kwa mnzanu, musati "timadziwana". Lemberanani kalata yogulitsana, ndipo mupite ku ServiceOntario, ofesi ya boma la chigawochi, mukasinthe umwini ukhale m'dzina lanu. Nambala ya chasisi, imene kuno amati VIN, ya zilembo ndi manambala 17, inadindidwa pachitsulo cha m'mbali, kudzanja lamanja pamwamba pa popondapo. Ijambuleni, mujambulenso ya ngolo, ndi zipsera zonse zimene zingakuthandizeni kuizindikira. Nambalayo mungaifufuzenso pa tsamba la apolisi la CPIC kuti mutsimikize kuti mnzanuyo naye sanagulitsidwe katundu wakuba.

Inshuwalansi ndiye pamene ambiri amalirira. Ku Ontario lamulo limafuna inshuwalansi mukatuluka nayo pamalo panu, koma imene lamulo limakakamizayo ndi yokhudza ngozi, kuba sikulimo. Kuba kumalowa mu gawo lowonjezera lotchedwa comprehensive, kapena specified perils. Musaganizenso kuti inshuwalansi ya nyumba ikulipirani chifukwa yabedwa pabwalo panu, kawirikawiri zinthu za injini zoyenda pazokha siziwerengedwa m'menemo. Imbani foni, mufunse za snowmobile payokha ndi ngolo payokha, ndipo yankho akupatseni polemba.

Kodi mwaganizapo za miyezi yotentha? Kuyambira Epulo mpaka Novembala makinawa amangokhala, mwini wake maganizo ali ku zina. Ena amaimitsa inshuwalansi yonse kuti apulumutse kangachepe, n'kudzazindikira mu Disembala kuti pansi pa tenti palibe kanthu, osadziwa n'komwe mwezi umene inapita. Gawo la kuba lisiyeni chaka chonse. Ngati mungathe, lipirani malo osungirako katundu okhala ndi mpanda, ndipo muzikasuzumirako mwezi ndi mwezi, n'kuona ngati batire ya GPS idakali ndi moto.

Ndipo chonde, zithunzi za pa Facebook zija, jambulani muli kutchire. Nambala ya nyumba ndi dzina la msewu zisaoneke kumbuyo kwanu.