Kuyendetsa nokha galimoto ya hayala ku Zanzibar

Achemwali, mwafunsa ngati n'kwanzeru kubwereka galimoto yoti muziyendetsa nokha masiku asanu amene mukakhale ku Zanzibar. Ngati mukufuna kukafika kumagombe a Nungwi ndi Paje komanso kunkhalango ya Jozani, bwerekani. Kumeneko amayendanso kumanzere ngati kwathu kuno, ndiye dzanja silikavuta. Chovuta ndi mapepala.

Laisensi ya ku Malawi payokha sikwanira, ngakhale ija ya international. Pamafunika chilolezo cha ku Zanzibar komweko, chomwe n'cholipira. Amakutengerani ndi a kampani yobwereketsayo, choncho atumizireni chithunzi cha laisensi pa WhatsApp kudakali masiku awiri kapena atatu. Aliyense wogwira chiwongolero akhale ndi chake, ndipo chiziyenda limodzi ndi laisensi yeniyeni. Apolisi amaimika magalimoto pafupipafupi, ndipo choyamba kufunsa ndi pepala lomwelo.

Magalimoto ambiri ndi akale, a Suzuki Escudo kapena Toyota RAV4. Musanasaine, jambulani vidiyo mozungulira galimoto yonse kuti asadzakulipitseni zokanda zakale. Gwirani tayala la sipeya muone ngati lili ndi mpweya, onani jeke ndi sipanala, kenako werengani tsiku lothera inshuwalansi. Ikakhala yotha, wovutika pamsewu ndinu, osati mwini galimoto. Nthawi zambiri thanki imabwera ili pafupi kuuma, ndiye thirani mafuta mutauni musananyamuke, ndipo sungani ma shilling m'thumba chifukwa khadi sigwira paliponse.

Kuchoka ku Stone Town, dera lakale la tauni ya Zanzibar, kukafika ku Nungwi ndi makilomita pafupifupi 60, koma werengerani ola ndi theka. Ku Paje ndi pafupifupi ola limodzi, kudutsa ku nkhalango ya Jozani komwe anyani ofiira aja amaoloka msewu. Mahampu ake musawadelere. M'kati mwa Stone Town ndiye musayese n'komwe, tinjira take n'topapatiza. Imikani cha ku msika wa Darajani muyende wapansi.

Misewu ikuluikulu ndi ya tara, koma tinjira tolowera kumahotela ndi mchenga ndi miyala yakuthwa, n'chifukwa chake galimoto yotsika siyenera, makamaka m'mvula ya March mpaka May. Usiku pewani: njinga zopanda magetsi, ngolo za ng'ombe ndi madaladala (maminibasi akumeneko) oima mwadzidzidzi zimaonekera mutafika kale.

Koma ngati masiku onsewo mukakhale pagombe limodzi, takisi yopita ndi yobwera ikutsikirani mtengo.