David Ahl ndi buku la mizere ya manambala

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene akuphunzira Python, chinenero cholembera mapulogalamu a pa kompyuta. Akuti anagula buku lakale pa kaunjika wa mabuku, lotchedwa BASIC Computer Games, koma atalitsegula anangopeza masamba odzaza mizere yoyamba ndi manambala, 10, 20, 30, mpaka kumapeto. Akufunsa kuti anthu ankachita nalo chiyani buku lotere, ndipo David Ahl amene dzina lake lili pachikuto ndi ndani.

Chemwali, bukulo musakulungire mandasi. Mwatola chinthu chamtengo wapatali.

Ahl ndi wa ku America. Ankagwira ntchito ku kampani ya Digital Equipment Corporation, kumene ankalimbikitsa masukulu kugula makompyuta. Ataona kuti ana amakopeka ndi masewera, anayamba kutolera timapulogalamu ta masewera, tina n'kutimasulira m'chinenero cha makompyuta cha BASIC, ndipo mu 1973 kampaniyo inasindikiza masewera 101 m'buku limodzi. Chaka chotsatira anachokako n'kuyambitsa magazini ya Creative Computing, imene inatuluka mpaka 1985. Taonani chakacho: 1974. Makompyuta a m'nyumba monga Apple II, TRS-80 ndi Commodore PET anadzafika mu 1977. Munthuyu anamanga khola ng'ombe zisanabwere. Buku lanulo linatuluka mu 1978, lokonzedwera makina atsopanowo, ndipo limadziwika kuti ndi buku loyamba la zamakompyuta kugulidwa makope opitirira miliyoni imodzi.

Tsono ankachita nalo chiyani? Ankataipa. Kunalibe kotsitsa masewera pa intaneti. Munthu ankatsegula buku pambali pa kiyibodi, rula atayika pansi pa mzere kuti maso asasochere, n'kumakopera chilembo chimodzichimodzi madzulo onse. Akamaliza ankalemba RUN kuti pulogalamuyo iyambe. Kawirikawiri kompyuta inkangoyankha kuti SYNTAX ERROR, n'kutchula nambala ya mzere wolakwika. Mwina wataipa O m'malo mwa 0, mwina waiwala kakoma kamodzi. Zikatheka, ankasunga pulogalamuyo pa kaseti, yomwe ija tinkaimbira nyimbo pa wailesi. Magetsi akathima asanasunge, ndiye kuti wagwira ntchito ya bule.

Ine ndimati apa ndi pamene panali sukulu yeniyeni, ngakhale ambiri ankangofuna kusewera. Sungasake cholakwika mu mzere 530 osayamba kudzifunsa kuti mzerewo ukuchita chiyani. Ndipo ukamvetsa, dzanja limayabwa kuti usinthe nambala ina uone chimene chichitike.

Tsegulani pa masewera a Hamurabi muone. Ndinu mfumu ya dziko lakale la Sumer kwa zaka 10. Mumayamba ndi anthu 100, maekala 1,000 ndi miyeso 2,800 ya chakudya m'nkhokwe. Chaka chilichonse mumasankha malo ogula kapena kugulitsa, chakudya chopatsa anthu, ndi mbewu yosiya kuti mudzale. Munthu mmodzi amafuna miyeso 20 pachaka. Makoswe amalowa m'nkhokwe, mliri umatha kupha theka la anthu, ndipo njala ikapha ochuluka amakuchotsani paufumu. Aliyense amene anaonapo agogo akuwerengera matumba a chimanga kuti afike nawo Febuluwale amva msanga masewerawa. Ahl si amene anawayambitsa, anawatenga ku chinenero china cha makompyuta chotchedwa FOCAL, ndipo masewera ambiri m'bukumo analembedwa ndi anthu ena, ena a iwo ana asukulu. Luso lake linali lotolera, kukonza ndi kufikitsa kwa anthu wamba.

BASIC yakeyo si yokongola, tisanamizane. Lamulo la GOTO limakudumphitsani uku ndi uku ngati chiwala, mayina a zinthu ndi chilembo chimodzi, P kapena S, moti pofika tsamba lachiwiri mwaiwala kuti S anali chiyani. Koma poti mukuphunzira Python, yesani kumasulira Hamurabi nokha. Tengani pensulo, lembani pambali tanthauzo la chilembo chilichonse, kenako musake mzere umene makoswe amadyera chakudya. Mukaupeza, mundilembere kuti mwawachepetsa kapena mwawawonjezera.