Kodi oyenda pafupipafupi angadutse msanga pa Beitbridge?

Mayi wina wochita geni wanditumizira imelo sabata ino. Amapikula mabulangete ndi nsapato kuno ku Johannesburg n'kukagulitsa ku Limbe, ndipo mwezi sutha asanakwere basi ya ku Joni. Funso lawo n'lakuti: "Kodi palibe khadi kapena chiphaso choti ife odziwika pa boda tizidutsa msanga, m'malo moima mzere umodzi ndi munthu wopita kumudzi kamodzi pachaka?"

Mayi, khadi yoteroyo kulibe kwa munthu wa pasipoti ya Malawi wokwera basi. Madobadoba amene amakuzungulirani pa Beitbridge n'kumati "bweretsani pasipoti tikadinditse mkati" asakunamizeni. Chidindo chimene sichinalowe mu kompyuta chimadzakutsatani ulendo wotsatira, ndipo tsiku limenelo mudzakhala pa boda nthawi yaitali kuposa imene munkathawa.

Tiyeni tiwerenge kaye malo oima. Mukachoka ku Park Station n'kutsata msewu wa N1 kudzera ku Polokwane ndi Musina, mumadinditsa potuluka South Africa, n'kuwoloka Limpopo, n'kudinditsanso polowa Zimbabwe. Pa Nyamapanda ndi Cuchamano, potuluka Zimbabwe kulowa Mozambique, kawirinso. Mukapitirira Tete, pa Zobue ndi Mwanza kawirinso. Maboda ndi atatu koma mizere ndi isanu ndi umodzi, ndipo kupita ndi kubwera ndi zidindo 12. N'chifukwa chake pasipoti ya munthu wa geni imadzaza msanga isanafike n'komwe tsiku lothera ntchito. Muziyang'ana masamba otsala musananyamuke.

Tsono chimene anthu ambiri sachiganizira n'chakuti basi imanyamuka pa boda munthu womaliza akamaliza. Inu mapepala anu akhoza kukhala bwinobwino, mwadinditsa m'mphindi zochepa, mwagula kale madzi, mwakhala pansi pa mthunzi. Koma pampando wakumbuyo pali mnyamata amene anapitirira masiku 30 amene Amalawi timapatsidwa polowa South Africa opanda visa. Kuyambira 2014 lamulo limati wopitirira masiku ake aletsedwe kulowanso m'dziko muno: chaka chimodzi ngati wapitirira ndi masiku osaposa 30, zaka zisanu ngati waposa pamenepo. Kulemba zimenezi kumatenga nthawi, kudandaula ndi kupepesa kumatenganso nthawi ina, ndipo basi yonse imadikira.

Chachiwiri ndi ngolo imene basi imakoka. A kasitomu akanena kuti katundu yense atsitsidwe, ndiye kuti zikwama, mafiriji, matayala, mabelo, zonse pansi, aliyense aime pambali pa zake. Kutsitsa n'kosavuta. Kupakiranso ndi kumene kumadya maola, makamaka pakapezeka thumba lopanda mwini, aliyense akuyang'ana kumbali ngati salidziwa. Ndiye langizo langa lalikulu kwa inu ndi ili: lekanani ndi katundu wanu. Mpatseni transipota wodalirika, muli nawo ambiri kuno, mulembe mndandanda wa zonse ndi mitengo yake, musunge malisiti, inuyo mukwere basi yosanyamula katundu wambiri. Musanagule tikiti funsani ngati basiyo imakoka ngolo. Ndalama ya transipota imawawa, sindikukana, koma muiyerekeze ndi tsiku lathunthu la malonda limene mumataya panjira.

Pa msonkho musasokonezedwe ndi anzanu ochita geni ku Chipata kapena ku Harare. Iwo ali ndi njira yofewa ya amalonda ang'onoang'ono ya COMESA, mgwirizano wa zamalonda wa mayiko a kum'mawa ndi kummwera kwa Africa, koma South Africa sili mu COMESA, choncho katundu wa ku Joni salowa m'njira imeneyo. Fikani pa Mwanza malisiti ali m'manja, a MRA asachite kukuyerekezerani mtengo.

Nthawi yoyendera nayonso ndi nkhani. Beitbridge imagwira ntchito usana ndi usiku, koma kuyambira pakati pa Disembala mpaka sabata yoyamba ya Januwale, komanso pa Isitala, Azimbabwe, Amalawi, Azambia ndi a ku Congo onse amathira pa mlatho umodzi womwewo. Amene analipo mu Disembala 2020, pamene ankafuna zikalata zoyezetsa Covid-19, amakumbukira mizere ya magalimoto yotalika makilomita ambiri ndiponso anthu amene anafera pamzere. Katundu wa Khirisimasi mupikuliretu mu Novembala. Ndipo ngati mungasankhe, nyamukani pakati pa sabata, osati Lachisanu la kumapeto a mwezi anthu atangolandira.

Kunena zoona zinthu zasinthako. Mbali ya Zimbabwe inamangidwanso ndi ndalama pafupifupi madola 300 miliyoni a ku America, ntchito inatha mu 2022, ndipo tsopano malole, mabasi ndi magalimoto ang'onoang'ono ali ndi malo awoawo. Kuno nako kuyambira 2023 kuli bungwe limodzi loyang'anira zipata, Border Management Authority. Koma nyumba zokongola sizichotsa kuima kawiri. Chimene chimachotsa ndi boda yoima kamodzi, pomwe maofesala a mayiko awiri amakhala m'nyumba imodzi. Ku Chirundu, pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, anayamba mu 2009. Ku Kazungula, pakati pa Zambia ndi Botswana, anatsegula mlatho ndi boda yotero mu 2021, ndipo kwathu ya Mchinji ndi Mwami inatsegulidwa mu 2022. Ya Beitbridge yakhala ikukambidwa kwa zaka zambiri. Ngati muli m'bungwe la amalonda odutsa malire, nkhani yokakamira pa misonkhano ndi imeneyi, chifukwa ingathandize basi yonse, pamene khadi ingakufulumizitseni inu nokha n'kukakhalabe pansi kudikira anzanu.

Munafunsanso za ndege. Kuchoka pa OR Tambo kukatera pa Chileka ndi maola awiri ndi pang'ono. Katundu akakhala kuti wapita kale ndi transipota, werengerani bwino mtengo wa tikiti, makamaka mwezi wa Disembala pamene mabasi nawo amakweza mitengo.