Azakhali, aneba andiitanira ku pub yakale, ndipite?

Azakhali moni. Ine ndi mtsikana wa zaka 29, ndinabwera kuno ku England miyezi 6 yapitayo kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Pomwe ndikuchita lendi aneba anga ndi agogo awiri, mayi ndi bambo, anthu abwino zedi moti ndikaiwala tsiku lotulutsa mabini amanditulutsira okha. Ndiye dzulo mayi aja andiuza kuti Lamulungu likubwerali tipitire limodzi ku pub ya mumsewu mwathu tikadye chamadzulo ndi kumwako pang'ono, akuti akhala akupita kumeneko zaka zoposa 40 ndipo akufuna akandionetse kwa anzawo. Inetu ndavomera pakamwa chabe koma mumtima muli thithithi, mowa sindimwa, mu bala sindinalowemo chibadwire, ndikuopa kukachita manyazi komanso za ndalama kaya zimayenda bwanji kumeneko. Ndipite kapena ndinamizire shifiti?

Mwana wanu wa ku Leeds

Mwana wanga, pita. Za shifitizo usayerekeze n'komwe. Munthu wachikulire wa kumeneko akakuitanira ku pub yomwe wakhala akupitako zaka 40 ndiye kuti wakulandira ngati wa pamalopo, chifukwa kumeneko ndi kumene amakumana ndi anzake, ndi kumene amamvera kuti uje wadwala, uje mwana wake wakwatiwa, ndipo nthawi zambiri ngakhale akachokera ku maliro amakasonkhana komweko. Dzina loti pub ndi chidule cha public house, kutanthauza nyumba ya aliyense, ndipo ya pafupi ndi kwawo amangoitchula kuti local.

Mantha ako ndikuwamva, mawu oti bala amakupatsa chithunzi cha phokoso ndi anthu oledzera. Ma pub otero alipo ndithu makamaka pakati pa tauni Lachisanu usiku, koma yakale ya mumsewu wa anthu okhala pa Lamulungu madzulo ukapezamo agogo, mabanja ndi ana awo akudya, mwinanso galu atagona pansi pa tebulo. Utsi wa fodya mulibe, kusuta mkati analetsa ku England kuyambira pa 1 July 2007, osuta amatuluka panja ngakhale kukuzizira bwanji.

Ine tsiku loyamba kulowa mu pub yakale chomwe ndimakumbukira mpaka pano ndi denga, linali lotsika moti bambo wamtali yemwe anali patsogolo panga anawerama pamtanda wakuda wa pakhomo osayang'ana n'komwe, mutu wake unangozolowera, ndipo thabwa la pa kauntala linali losalala lonyezimira pomwe anthu akhala akutsamira zigongono kwa zaka kaya zingati, pakona moto ukuyaka. Zina mwa nyumbazi ndi zakale zenizeni. Ku Leeds kwanu komweko kuli Whitelock's, pakanjira kopapatiza kuchoka mu msewu wa Briggate, inayamba mu 1715 ikutchedwa Turk's Head, ndipo ku London kuli Ye Olde Cheshire Cheese ya pa Fleet Street yomwe inamangidwanso mu 1667 moto waukulu wa 1666 utawononga mzindawo. Ya aneba akoyo mwina siyofika pamenepo koma uwafunse mbiri yake uone mmene nkhope zawo zisangalalire.

Tsopano mvetsera apa chifukwa ndi pomwe alendo ambiri amasokonekera. M'ma pub ambiri palibe weta wobwera patebulo kudzakufunsa. Mumapeza tebulo, mumaona nambala yake, kenako munthu mmodzi amapita pa kauntala kukaitanitsa chakudya ndi zakumwa n'kulipira pomwepo, zakumwa umanyamula wekha, chakudya ndi chomwe amabweretsa. Pa kauntalapo mzere suoneka koma ulipo, wogulitsa amadziwa amene wafika poyamba, ndiye usamuitane ndi mluzu kapena kumugwedezera khadi, ungoima n'kumuyang'ana, ndipo akakulozera iwe pomwe wina anafika kale unene kuti uyu ndi amene anayamba, kanthu kakang'ono komweko anthu amakaona.

Nkhani ya raundi ndi yomwe ndikufuna uisamale kwambiri. Anthu akakhala pagulu mmodzi amagulira onse, matambula akatsala pang'ono kutha wina amadzuka n'kufunsa aliyense chomwe akumwa n'kugula, mosinthanasinthana choncho. Palibe amene angakuuze kuti yafika nthawi yako, amangoyang'ana mwakachetechete. Poti agogowo ndi amene akuitana n'kutheka akana kuti ulipire chakudya, usalimbane nawo mpaka kufika powachititsa manyazi, thokoza, koma ukaona matambula awo atsika udzuke wekha uwafunse kuti ndikugulireni chani, ngakhale iwe ukumwa juwisi chabe. Akakana kawiri basi wachita mbali yako. Gulu likakhala lalikulu ndipo thumba silikulola, nena koyambirira kuti iwe uzidzigulira wekha, ndi zololedwa ndipo palibe amene angakudabwe bola unene msanga osati utamwa kale za anthu asanu.

Za kusamwa mowa usadandaule ngakhale pang'ono, osamwa ndi ambiri masiku ano. Pali juwisi, zoziziritsa kukhosi, lime and soda yomwe imakhala yotsika mtengo, ngakhale tiyi ndi khofi m'malo ambiri, ndipo madzi a pampopi ndi aulere, lamulo limawakakamiza ogulitsa mowa kupereka ukapempha. Ungosamala zinthu ziwiri zomwe mayina ake amanamiza, cider si juwisi wa maapulo koma ndi mowa weniweni, ndipo shandy ndi mowa wosakaniza ndi lemonade. Bambowo ukawaona akuitanitsa pint dziwa kuti ndi tambula ya mamililita 568, ndipo akamwa mowa uja amachita kupopa ndi chogwirira chachitali pa kauntala ndi cask ale, umasungidwa m'chipinda cha pansi pa madigiri 11 mpaka 13 ndiye siwozizira kwambiri, azibambo achikulire amaunyadira kwabasi, kuli mpaka bungwe lotchedwa CAMRA lomwe linayamba mu 1971 kuti mowa wa mtunduwu usathe. Ungowafunsa kuti umenewo ukusiyana bwanji ndi winawo, nkhani ya theka la ola yapezeka.

Chakudya poti ndi Lamulungu mwachidziwikire kukhala Sunday roast, nyama yootcha mu uvuni ya ng'ombe, nkhuku, nkhumba kapena nkhosa, mbatatesi zootcha, masamba, msuzi wa gravy ndi Yorkshire pudding, yomwe usayembekezere kuti ikhala yotsekemera, ndi ufa wa tirigu, mazira ndi mkaka zophikidwa mu uvuni mpaka kufufuma ngati kambale kothiramo msuzi. Mbale imakhala yodzaza ndiye masana usadye kwambiri. Roast imatha msanga ndipo makhitchini ambiri Lamulungu amatseka mofulumira, uwafunse mayiwo ngati abukitsa tebulo ndi nthawi yake. Ikatha pamakhala fish and chips, masoseji ndi mbatatesi zopondaponda, kapena pie. Ngati kusamwa kwako ndi kwa chikhulupiriro ndipo sufuna mowa ngakhale m'chakudya, dziwa kuti steak and ale pie amaphikira mowa, nsomba zina amaziviika mu ufa wosakaniza ndi mowa asanakazinge, ndipo black pudding amapangira magazi a nkhumba. Funsa pa kauntala, azolowera kufunsidwa zotere.

Mitengo uone pa menyu, ambiri amaika pakhomo kapena pa intaneti, ndiye ukhoza kudutsa mawa popita kuntchito n'kusuzumira kuti mtima ukhale pansi. Khadi amalandira pafupifupi paliponse. Pa kauntala tipi, ndalama yothokozera wokutumikira, siyofunika, koma akakuperekerani zonse patebulo n'kubweretsa bilu kumapeto uone ngati aikamo kale service charge, yomwe ndi ndalama yoonjezera ya okutumikirani, ngati mulibe anthu amasiya pafupifupi 10 peresenti. Tenganso chiphaso chako, malo ambiri amafunsa aliyense wooneka wosakwana zaka 25 akamagula mowa, ndipo pa raundi yako ija ukhala ukugulira agogowo mowa.

Ukamva belu likulira usadzidzimuke ngati kwabuka moto, ndi last orders, akudziwitsa kuti amene akufuna chomaliza agule pano, likalira kachiwiri ndiye kuti kauntala yatsekedwa. Malamulo a nthawi yotsekera anasintha mu 2005 koma ma pub ambiri akale amatsekabe cha m'ma 11 koloko usiku, Lamulungu mofulumirirapo.

Chinanso, musanakhale uwasiye agogowo akulozere mpando, anthu amene akhala akubwera pamalo amodzi zaka 40 amakhala ndi ngodya yawoyawo ndipo anzawonso ali ndi mipando yawo yomwe aliyense amaidziwa ngakhale sinalembedwe dzina. Vala zomwe umavala ukamapita kokacheza, tenga jekete, ndipo anzawo akayamba kukufunsa za ntchito ndi za nyengo uyankhe momasuka, nawenso uwafunse za zithunzi zakale zili pakhoma, n'kutheka bambowo alimo ali mnyamata mu timu ya darts, masewera oponya timivi pa bolodi. Ukabwerako undilembere undiuze kuti unadya chani komanso raundi ija inayenda bwanji.

Azakhali