Za kuchita lendi ku Vadodara

Mayi, musanalole mwana wanuyo kuchoka ku hositelo kuti akachite lendi m'tauni ya Vadodara, m'chigawo cha Gujarat ku India, imvani zimene zinandionekera ine mumzinda womwewo ndili pasukulu, chifukwa mpaka lero ndikazikumbukira mtima umandiwawa.

Chipinda ndinachipeza kudzera mwa broker, pa nyumba zosanjikizana zimene kumeneko amazitcha society, ndipo ambiri okhalapo anali a chipembedzo cha Jain. Anthu amenewa sadya nyama, nsomba kapena mazira, ndipo ambiri mwa iwo sakhudza ngakhale anyezi, adyo ndi mbatatesi, poopa kupha tizamoyo ta m'nthaka pozula. Mwini nyumba ankadziwa bwino lomwe kumene ndikuchokera, ndinamuuza ndi pakamwa panga kuti kwathu ndiwo ndi nsomba, koma iye anangogwedeza mutu, n'kundisainitsa pangano la miyezi 11 lopanda mawu amodzi okhudza zakudya, n'kulandira dipoziti yake.

Zinavuta nthawi ya Navratri, chikondwerero cha Ahindu cha masiku 9. Madzulo ena ndinakazinga usipa umene amayi anandilongezera, ndinathira tomato, nsima ili pamoto, zenera lili lotsekula chifukwa cha kutentha. Ndisanapakule n'komwe chitseko chinayamba kugogodedwa mwamphamvu. Nditatsekula ndinapeza mlembi wa society, mlonda, ndi amayi angapo atatseka mphuno ndi nsonga za sari zawo, onse akulankhula Chigujarati nthawi imodzi, zala zikuloza kukhitchini. Mwini nyumba uja atafika sanandiyang'ane n'komwe kumaso. Analowa osaodira, anagwira poto wanga ndi nyuzipepala ngati wagwira chonyansa, n'kumupatsa mlonda kuti akataye pamodzi ndi ndiwo zomwe. Kenako, pamaso pa anthu onsewo, ananena m'Chingerezi kuti anandichenjeza kale ndipo ndamunamiza. Ndinaima pakhomo ndi mthiko m'manja, mawu atandithera, pamene pansi ng'oma za dhol zinali kulira, atsikana atavala zovala za chaniya choli zonyezimira ndi timagalasi akupita kukavina. Sabata isanathe ndinali nditatulutsidwa, ndipo dipoziti anaikaniza, ati ndi yoyeretsera khitchini.

Chikhulupiriro cha anthu aja ndilibe nacho mlandu, pakuti fungo la usipa kwa munthu amene sanadyepo nsomba chibadwire ndi lovutadi, makamaka m'masiku amene ambiri akusala zakudya. Amene sindimukhululukira ndi bambo uja, wadyera ndi wabodza, amene ankafuna ndalama za mlendo koma anzake atamukalipira anasankha kunyazitsa mtsikana wopanda mbale m'dzikomo. Anandisiyanso pamavuto a zikalata, chifukwa mlendo ukasintha malo okhala uyenera kudziwitsa FRRO, ofesi ya boma yolembetsa alendo ochokera kunja, ndipo eni nyumba angapo anandikana atangomva kuti ayenera kulemba Form C, chikalata chodziwitsa boma kuti akusunga mlendo wochokera kunja.

Amene ananditola anali amayi a mnzanga wa m'kalasi, Mgujarati wachihindu. Anandipatsa chakudya cha khichdi ndi thepla, anandibwereka zovala za mwana wawo, n'kundikakamiza kupita nawo ku garba ngakhale maso anali otupa. Gule ameneyu amavinidwa usiku uliwonse kwa masiku 9 polemekeza mulungu wamkazi Amba, anthu miyandamiyanda akuzungulira nyali yoikidwa mumphika woboolaboola kapena chithunzi cha Amba, akuomba m'manja, liwiro likukwera mpaka miyendo kulema. Bwalo lake limakumbutsa chimtali, kungoti amuna ndi ana amavina nawo. Mu 2023 bungwe la UNESCO linaika garba pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa padziko lonse, ndipo amene anaiona ku Vadodara sangadabwe nazo.

Tsono mwana wanuyo afunse poyera ngati non-veg, kutanthauza nyama, nsomba ndi mazira, imaloledwa, yankho lilembedwe m'pangano, ndipo asapereke dipoziti popanda lisiti. Adziwenso kuti mowa ndi woletsedwa ku Gujarat kuyambira 1960, ndipo ngati viza yake ipitirira masiku 180 alembetse ku FRRO pasanathe masiku 14 atafika. Usipa musamulongezere, ndikukupemphani. Komabe musamuumirize kukhala ku hositelo ndi Aafirika anzake okhaokha: achite lendi pakati pa mabanja a Chigujarati, ngakhale osadya nyama, chifukwa ndi kumene adzaphunzire chilankhulo, kuphika dal, ndi kupeza amayi omuyang'anira akadwala.