Yankho kwa achemwali pa nkhani ya mawu a Chingerezi

Achemwali, ndamva funso lanu lakuti mwana wathu amene akukonzekera mayeso a MSCE aziloweza mawu angati a Chingerezi patsiku kuti azilemba mozama. Ine ndikuona kuti chiwerengero chisakuvutitseni, chifukwa mawu oloweza pamndandanda amaiwalika msanga, ndipo akawakumbukira amawaika pamalo posayenera.

Ayambe ndi tsinde la mawu. Mawu ambiri ozama a Chingerezi anachokera ku Chilatini ndi Chigiriki, ndipo ochuluka analowa kudzera m'Chifalansa anthu a ku Normandy, dera la ku France, atagonjetsa England mu 1066. Tsinde lakuti spect limanena za kuyang'ana, choncho mwana akalidziwa sadzavutika ndi inspect, spectator, perspective, ngakhalenso retrospect, m'mene retro akutanthauza m'mbuyo. Zimenezi si zachilendo kwa ife, pakuti phunziro, mphunzitsi ndi wophunzira onse anatuluka m'tsinde limodzi, ndipo palibe amene anawaloweza paderapadera.

Komabe tsinde lokha silikwanira, ndipo apa ndi pamene ana ambiri anzeru amapunthwa. Mawu akuti thrifty ndi stingy onse amanena za munthu wosamwaza ndalama, koma oyambawo ndi oyamikira munthu wosunga bwino chuma, pamene achiwiriwo ndi onyoza munthu woumira, kotero kuti wophunzira amene wangolemba tanthauzo limodzi m'kope angathe kutukwana munthu akuganiza kuti akumuyamika. Palinso mawu amene amayendera limodzi: mvula yamphamvu amati heavy rain osati strong rain, ngakhale kuti tiyi wowawa masamba amati strong tea. Izi zilibe lamulo lomveka, zimangofunika kuziona m'ziganizo.

N'chifukwa chake ndikupempha kuti azigwiritsa ntchito dikishonale yofotokoza Chingerezi m'Chingerezi, monga Oxford Advanced Learner's Dictionary, imene ikupezekanso pa intaneti, ndipo aziwerenga zitsanzo zonse zimene zili pansi pa tanthauzo, osangothamangira mzere woyamba. Akadzafika pokonzekera ku yunivesite, adzafufuze Academic Word List, mndandanda wa mabanja 570 a mawu opezeka kawirikawiri m'mabuku a maphunziro apamwamba, umene katswiri wa zilankhulo Averil Coxhead anasindikiza mu 2000.

Pakadali pano mumugulire kope lapadera. Liwu lililonse latsopano alilembe pamodzi ndi chiganizo chimene walipezamo, kenaka apange chiganizo chakechake, ndipo azitumiza ziganizozo kwa ine Loweruka lililonse kuti ndizimukonzera.