Kwa achemwali amene afunsa za kochi wa nthawi yosudzulana

Achemwali, ndawerenga zonse. Mwati mwapatukana ndi bambo a ana anu patatha zaka 11, mwatsala ndi ana awiri ku Rosettenville, ndipo mnzanu wa kuntchito akuti mupeze divorce coach, koma mukuopa kutaya ndalama pachabe. Pepani kwambiri. Inenso banja langa linathera konkuno ku Joni, ndipo kochi wotereyu ndinakumana naye kangapo.

Kwathu banja likayamba kugwedezeka timathamangira kwa ankhoswe. Amakukhazikani pansi, kukumvetserani, kukuuzani poyambira. Kuno amalume ali kutali, pa foni amangoti "pirirani mwanangu", ndiye munthu umatsala wekha ndi mapepala achingerezi ndi mtima wosweka. Malo amenewo ndi amene kochi amadzazako pang'ono. Kusiyana kwake n'kwakuti sabwera kudzakuyanjanitsani, saweruza kuti wolakwa ndani, ndipo amakhala mbali yanu yokha. Si loya ayi. Sangakuimireni kukhoti.

Chimene anandithandiza kwambiri ine chingaoneke chaching'ono: mauthenga a pa WhatsApp. Amene anali mwamuna wanga akandilembera mawu olasa, ndinkayankha nthawi yomweyo, usiku, ndikulira, mpaka mauthenga makumi. Kochi anandiphunzitsa kugona kaye, m'mawa n'kuyankha za ana zokha, mizere iwiri kapena itatu. Poyamba zinkandipweteka ngati ndagonja. Koma mauthenga amenewa tsiku lina akhoza kuwerengedwa pamaso pa loya kapena kukhoti, ndipo ana amaona nkhope ya mayi awo akagwira foni. Patapita milungu ingapo phokoso linachepa lokha, popeza mutu umodzi susenza denga, ndipo ndewu nayonso imafuna anthu awiri.

Chachiwiri anandiuza ndigule fayilo. Ndinaikamo setifiketi ya ukwati, ziphaso zobadwira za ana, mapasipoti, pemiti, masitetimenti a kubanki, malisiti a lendi, fizi ndi thiransipoti ya kusukulu. Tinalemberatu mafunso opita nawo kwa loya. Maloya ambiri amawerengera nthawi, choncho kulirira mu ofesi mwawo n'kodula. Ndinkalirira kwa kochi, kwa loya n'kupita ndi mafunso.

Komano chenjerani. Ukochi ulibe bungwe la boma loulondoloza, aliyense akhoza kudzitcha kochi mawa m'mawa. Akatswiri a maganizo amalembetsa ku HPCSA, ma social worker ku SACSSP (awa ndi mabungwe oyang'anira ntchito zimenezi), ndipo kochi amene alinso ndi kaundula wa kumeneko ndi amene ndingamukhulupirire msanga. Mufunseni anaphunzira chiyani, wathandizapo anthu ochokera kunja kapena ayi, komanso mtengo wa nthawi imodzi. Musalole kulipiratu miyezi yambiri. Akayamba kulonjeza kuti ana adzakhala anu kapena nyumba mudzaitenga, dzukani muzipita.

Ndipo musanatulutse ndalama iliyonse, yendani kaye m'malo osadula. Legal Aid South Africa imathandiza pa milandu anthu opeza zochepa ikaunika zimene mumalandira. Wits Law Clinic ku Braamfontein imagwiranso milandu ya mabanja. Bungwe la FAMSA lili ndi alangizi a mabanja, ndipo SADAG, yothandiza anthu ovutika maganizo, mukhoza kuiimbira mukaona kuti tulo sitikubwera ndipo maganizo akulemera. Ndalama zosamalira ana simuyenera kudikira chisudzulo kuti muzifunse. Maintenance court ili ku khoti la majisitireti, mumapita nokha opanda loya, mutanyamula malisiti aja.

Pa za ana ndiime pang'ono, chifukwa ndi pamene Amalawi timapunthwa. Lamulo la kuno la Children's Act la 2005 limalola makolo kulemba parenting plan, pangano lonena kumene ana azikhala, masiku oonana ndi kholo linalo, za sukulu, za tchalitchi, za tchuthi. Ofesi ya Family Advocate imathandiza kwaulere makolo akalephera kumvana, ndipo khoti silipereka chisudzulo lisanakhutire kuti ana asamalidwa. Kochi wabwino amakuthandizani kuganiziratu zimene mukufuna mu panganolo musanakhale pamaso pa bambo awo. Musaiwale kulembamo za ulendo wa kumudzi. Kutulutsa mwana mu South Africa kumafuna chilolezo cha kholo linalo, kapena cha khoti. Ndikudziwa mtima umafuna kungokwera basi ku Park Station n'kukasiya ana kwa agogo awo mpaka zinthu zitazizira, koma kuchita zimenezo mwamseri kukhoza kukuonongerani mlandu wonse.

Mwati ukwati wanu munamangitsira ku Malawi. Divorce Act ya 1979 imalola khoti la kuno kumva mlandu ngati mmodzi wa inu wakhala mu dziko lino kwa chaka chathunthu, koma kagawidwe ka katundu ka ukwati womangidwa kwathu ndi funso la loya, osati la kochi. Limeneli likhale loyamba pa pepala lanu. Ankhoswe anu auzeninso, ngakhale pa foni. Ana aja mawa adzafuna abale a mbali zonse.

Chimodzi simunanene, ndiye ndifunse: kodi amakumenyani kapena kukuopsezani? Ngati zili choncho, za kochi zidikire. Pitani ku khoti la majisitireti mukapemphe protection order, chikalata cha khoti chokutetezani kwa iwo, n'kwaulere.

Ngati palibe zoterozo, malangizo anga ndi awa: sabata ino konzani fayilo, pitani ku Legal Aid ndi ku maintenance court. Mukaona kuti mutu sukugwirabe ndipo ndalama ilipo, lipirani kochi maulendo awiri kapena atatu muone ngati mukutuluka mukudziwa chochita. Tsiku lopita kukhoti likadziwika mundiuze, Lachinayi sindigwira ntchito, ndikhoza kukuperekezani.